MUYESO WOONA PA CHUMA CHA PANSI PA NTHAKA YATHU

Kalata ya Komishoni yoona za Chilungamo ndi Mtendere, yoti iwerengedwe m'matchalitchi ndi kukambidwa m'miphakati





1. MAU OYAMBA

Takulemberani kalata ino pofuna kuti tilingalire pamodzi za nkhani imene simveka kawirikawiri pa misonkhano ya ndale, koma imene ikukhudza tsogolo la ana athu. Nkhaniyi ndi ya kayesedwe ka miyala ndi dothi la mtengo wapatali lopezeka pansi pa nthaka ya dziko lino, komanso kayang'aniridwe ka anthu amene amapatsidwa ntchito yoyesayo. Mwina ena mwa inu mufunsa kuti: kodi za m'labotale zikuwakhudza bwanji akhristu? Yankho lathu n'lakuti paliponse pamene pali muyeso, pamakhala mpata wa chilungamo ndiponso mpata wa chinyengo. Mlimi amene adagulitsapo soya kapena chimanga pa sikelo yobera akudziwa bwino kuti thukuta la chaka chathunthu likhoza kutha m'kuphethira kwa diso, popanda mpeni kapena mfuti. Zimene zimachitikira mlimi mmodzi pa msika zingathe kuchitikira mtundu wonse pa mgodi.

Tinene poyambirira pomwe kuti m'kalata muno sitikuimba mlandu kampani kapena munthu wina aliyense m'dziko muno. Tikuchenjezana madzi akadali m'nkhongono, pozindikira kuti madzi akatayika saoleka.

2. CHUMA CHIMENE MASO SANGACHIWERENGE

Kwa zaka zambiri tidaphunzitsidwa kuti chuma chili m'nthaka, ndipo tinkaganiza za khasu basi. Lero mau omwewo ali ndi tanthauzo lachiwiri. Ku Kayelekera m'boma la Karonga kuli mgodi wa yureniyamu umene udatsegulidwa mu 2009, nuima mu 2014 mitengo itagwa, nuyambanso mu 2025. Ku Mchenga m'boma la Rumphi kwakhala kukukumbidwa malasha. Ku Balaka, Kasungu ndi Mangochi kuli miyala yopangira laimu ndi simenti. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli niobium, yolimbitsira zitsulo. Ku Songwe m'boma la Phalombe ndi ku Kangankunde m'boma la Balaka kuli miyala yosowa yofunika popanga maginito a makina a magetsi. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kwapezeka rutile, wopangira penti yoyera ndi chitsulo chopepuka cha ndege, komanso graphite, wofunika m'mabatire. Masomphenya a Malawi 2063, amene adakhazikitsidwa mu 2021, adaika migodi pakati pa zinthu zofunika pa chitukuko.

Yambiri mwa miyala imeneyi sinyezimira ngati golide. Ukaitapa m'manja imaoneka ngati dothi wamba kapena mwala wa m'mbali mwa njira. Mtengo wake umatsatira zinthu zimene maso sangazione: kuchuluka kwa chinthu chofunikacho m'dothimo, kuyera kwake, kukula kwa timibulu take, ndi zosafunika zimene zasakanikiramo. Kampani yofufuza ku Kasiya idalengeza kuti kumeneko kuli dothi lokwana matani pafupifupi 1.8 biliyoni, ndipo mwa makilogalamu 100 aliwonse a dothilo, pafupifupi kilogalamu imodzi ndi rutile. Taganizani: muyesowo utati ulembedwe magalamu 900 m'malo mwa kilogalamu imodzi, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo khumi a chumacho lasowa papepala, popanda munthu kunyamula ngakhale fosholo imodzi ya dothi.

Chinyengo cha muyeso chili ndi nkhope ziwiri. Pa nthawi yofufuza, chiyeso chimakhala chokweza manambala kuti anthu a ndalama akopeke. Pa nthawi yotumiza katundu kunja, chiyeso chimakhala chotsitsa manambala kuti msonkho uchepe, pakuti gawo limene boma limalandira limawerengedwa potsata kulemera ndi mtengo wa katunduyo. Pa nkhope yoyamba, anthu amasamutsidwa m'minda mwao chifukwa cha mgodi umene sudzapindula. Pa yachiwiri, ndalama za mankhwala m'zipatala ndi mabuku m'sukulu zimaoloka malire.

3. ULENDO WA SAMPULO

Mai akamaphika ndiwo samaliza mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakolera. Amatakasa, natapa kamsuzi pang'ono, nadonthezera pachikhatho, nalawa. Akapanda kutakasa, kapena chipande chikakhala ndi mchere wa mumphika wina, lilime lake limnamiza ngakhale lili bwinobwino. Akatswiri a migodi amachita chimodzimodzi. Sangayese phiri lonse, choncho amatapa pang'ono, ndipo kochepako amakatcha sampulo.

Makina onga oboolera mijigo amaboola nthaka natulutsa dothi kapena mwala wochokera pansi. Zotulukazo amaziika m'matumba, thumba lililonse ndi nambala yake yosonyeza dzenje ndi kuya kwake. Matumbawo amawanyamula kupita kumalo okonzera, kumene dothi limaumitsidwa, kuphwanyidwa, ndi kugawidwa pakati mobwerezabwereza ndi chipangizo chogawira mosakondera. Gawo lotsala limaperedwa kufikira litasalala kuposa ufa woyera. Pa ufa umenewo amatapapo magalamu ochepa, osadzaza ngakhale supuni, ndipo ndiwo amalowa m'makina oyesera. Nambala yotuluka pamenepo ndiyo imalankhulira matani zikwizikwi a dothi. Masampulo ambiri a m'dziko muno akhala akutumizidwa ku malabotale a ku South Africa ndi ku Australia kuti akayesedwe komaliza.

Pa ulendo wonsewu, kawirikawiri sampulo sikhala m'manja mwa mwini mgodi, ngakhalenso m'manja mwa boma. Oboola ndi kontilakitala wina, onyamula ndi wina, opera ndi wina, oyesa ndi winanso, ndipo wokonza zikalata za pa chipata cha dziko ndi wina. Kontilakitala wamkulu amagawirako ntchito wamng'ono, wamng'onoyo nalemba aganyu a m'mudzi. Kugawana ntchito kotere si tchimo, pakuti aliyense ali ndi luso lake. Koma paliponse pamene thumba lichoka m'manja ena kulowa m'manja ena pali khomo. Nambala ingasinthane ndi inzake. Makina operera akapanda kutsukidwa, sampulo yoyamba imadetsa yachiwiri. Wolipidwa potsata kuchuluka kwa matumba amafulumira, nasiya kuumitsa kapena kugawa bwino. Sikelo yosayesedwa imanama tsiku lililonse, mwini wake osadziwa. Ndipo wina angathe kuthira kapena kuchotsa kanthu mwadala. Makolo athu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Amene wapereka ntchito kwa wina koma osapita kukaona, asadabwe ndi zimene auzidwe.

4. CHAONA MNZAKO CHAPITA

Zimene tikunenazi zidaonekapo kale kwa anzathu. Pakati pa 1993 ndi 1997, kampani ya ku Canada yotchedwa Bre-X inkafufuza golide ku Busang, pa chilumba cha Borneo m'dziko la Indonesia. Idalengeza kuti yapeza golide wochuluka kwambiri, ndipo mtengo wa kampaniyo pa msika udapitirira madola 6 biliyoni a ku Canada. Mu 1997 kampani ina, Freeport-McMoRan, idaboola maenje akeake pambali pa maenje oyambawo, ndipo sidapezemo golide woti n'kumutchula. Akatswiri oima paokha atafufuza adapeza kuti anthu ankawaza fumbi la golide m'matumba a masampulo asanafike ku labotale. Labotale sidaname: idayesa moona zimene idalandira. Bodza lidalowera panjira, pamene panalibe diso la mlendo. Komanso m'malo mosunga theka la mwala uliwonse kuti wina adzayesenso, monga imafunira ntchitoyi, iwo ankaphwanya wonse. Anthu ambiri adataya ndalama zao, kuphatikizapo thumba la penshoni la aphunzitsi a ku Ontario, ndipo palibe amene khoti lidampeza wolakwa. Manyazi amenewa ndiwo adachititsa dziko la Canada kukhazikitsa mu 2001 malamulo okhwima akuti zotsatira za kafukufuku wa migodi zizisainidwa ndi katswiri wodziwika, woti angathe kuyankha mlandu.

Chitsanzo chachiwiri n'cha anansi athu a ku Tanzania. Mu 2017 boma la Pulezidenti John Magufuli lidaimitsa makontena 277 a mchenga wa m'migodi pa doko la Dar es Salaam. Komiti imene Pulezidentiyo adasankha idati m'makontenamo munali golide wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa amene adalembedwa. Kampani ya Acacia idakana kwamtuwagalu, niti manambala a komitiyo ngosatheka, nipempha kuti ayese anthu oima paokha. Nduna ya migodi idachotsedwa ntchito, katundu adaima, anthu ambiri ntchito zidawathera. Mkanganowo udatha ndi mgwirizano wakuti kampani ya Barrick ilipire madola 300 miliyoni a ku America, ndipo boma likhale ndi magawo 16 pa 100 aliwonse m'kampani yatsopano ya Twiga. Sitikuweruza kuti wolondola adali yani. Phunziro lake n'lakuti pamene palibe muyeso umene mbali zonse zikuukhulupirira, chotsala ndi kukokanakokana, ndipo wovutika ndi munthu wamba.

5. NJIRA ZOTETEZERA CHOONADI

Njira zotsekera makomo amenewa n'zodziwika, ndipo mtengo wake ngwochepa poyerekeza ndi chuma chimene zimateteza. Tizitchule kuti mkhristu aliyense azitha kufunsa ngati zikutsatidwa.

Choyamba, mwa masampulo opita ku labotale amabisamo ena odziwika kale muyeso wake, oyesawo osauzidwa. Labotale ikaphonya pa odziwikawa, ndiye kuti gulu lonselo liyesedwenso. Chachiwiri, amaikamo matumba a mchenga wopanda kanthu. Mchengawo ukapezeka ndi kanthu, ndiye kuti makina sakutsukidwa. Chachitatu, sampulo imodzi amaigawa pawiri naipatsa manambala osiyana, kuti aone ngati mayankho afanane. Ambiri odziwa ntchitoyi amaika sampulo yoyesera yotere pafupifupi imodzi pa 20 zilizonse. Chachinai, ena mwa masampulo amawatumiza ku labotale yachiwiri yosagwirizana ndi yoyamba. Chachisanu, thumba lililonse limamatidwa ndi chidindo, ndipo aliyense wolilandira amasaina dzina, tsiku ndi nthawi. Chachisanu ndi chimodzi, theka la mwala ndi ufa wotsala zimasungidwa, kuti ngakhale patapita zaka wina adzathe kuyesanso. Pomaliza, labotaleyo iyenera kukhala yovomerezeka potsata muyezo wa dziko lonse wa ISO/IEC 17025, ndipo izilola kuyenderedwa mwadzidzidzi.

Koma zonsezi n'zopanda pake ngati palibe munthu wowerenga zotsatira zake ndi wokhala ndi mphamvu yonena kuti, “Imani, bwerezani.” Munthu ameneyo asakhale wodya m'mbale ya amene akumuyang'anira. Woyendera amene galimoto, mafuta, malo ogona ndi alawansi wapatsidwa ndi kontilakitala yemwe wabwera kudzamuyendera, maso ake afooka kale asanatsegule thumba loyamba.

6. KUUNIKA NDI MASO A CHIKHULUPIRIRO

Nkhani ya miyeso si yachilendo m'Malembo Oyera. Malamulo a Mose, m'mabuku a Levitiko ndi Deuteronomo, amaletsa munthu kusunga miyeso iwiri, waukulu wogulira ndi waung'ono wogulitsira. Mneneri Amosi adadzudzula amalonda a nthawi yake amene ankachepetsa muyeso wa tirigu ndi kupotoza sikelo, ndipo tchimolo adaliika pamodzi ndi kupondereza amphawi. Kulemba nambala yabodza pa chikalata cha labotale ndi kuba komanso kuchita umboni wonama nthawi imodzi. Kusasamala pa ntchito imene wakhulupiriridwa nayo ndi tchimo ngakhale sudalandire kangachepe.

Mpingo umaphunzitsa kuti zabwino za m'chilengedwe Mulungu adazipereka kwa anthu onse, kuphatikizapo amene sadabadwe. Chimanga chikalephera chaka chino timadzalanso chaka chamawa, koma mwala ukachoka sumeranso. Malamulo oyendetsera dziko lino, mu gawo 12, akuti onse okhala ndi mphamvu za boma amazigwira m'malo mwa anthu ndi powatumikira. Tsono mdindo amene amangolandira manambala ochokera kwa wogulitsa osawatsimikiza, sadasunge bwino za mwini. Dziko lathu lidalowa mu 2015 m'mgwirizano wa maiko wa EITI, wofuna kuti ndalama za m'migodi zizilengezedwa poyera, ndipo ichi n'choyamikika. Komabe kufananitsa zimene kampani idalipira ndi zimene boma lidalandira sikungatiuze ngati muyeso woyambirira udali woona. Chilungamo chiyambire pa thumba, chisanafike ku banki.

Tisaiwalenso anthu amene amagwira matumbawo. Fumbi la miyala yoperedwa limaononga mapapo pang'onopang'ono, ndipo matenda ake sachizika. Waganyu wopanda chotchinga kumphuno, wopanda kalata ya ntchito, amene malipiro ake achedwa miyezi iwiri, akulakwiridwa ngati munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Iyeyo ndiyenso khomo losavuta kulowerapo chinyengo. Muyeso woona ndi malipiro oyenera zimayendera limodzi.

7. PEMPHO LATHU

Kwa Boma. Lamulo la migodi la 1981 lidalowedwa m'malo ndi la 2019, kenaka ndi la 2023 limene lidakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi. Malamulo alipo, chofunika ndi manja ndi zipangizo. Tikupempha kuti nthambi yofufuza za miyala ya ku Zomba, bungwe loona za miyezo la MBS ndi bungwe loyang'anira migodi apatsidwe ndalama zokwanira pa nthawi yake, kuti dziko likhale ndi labotale yakeyake imene zotsatira zake maiko ena angazilemekeze. Pa sampulo iliyonse yotuluka kunja, gawo lina lizitsala m'manja mwa boma. Katundu aliyense wa m'migodi asatuluke woyendera wa boma asanatape sampulo yake ndi manja ake. Oyenderawo aziyenda ndi ndalama za boma. Akatswiri amene sukulu zathu za ukachenjede zikuphunzitsa alembedwe ntchito ndi kulipidwa moyenera, kuti asathawire kwina.

Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo. Funsani kuti muone mapangano a migodi, makamaka ndime zonena za amene adzayesa katundu ndi amene adzagamule pakabuka kusamvana. Pogawa ndalama za boma, musaone labotale ngati chinthu chapamwamba choti chidikire.

Kwa makampani. Tikukulandirani ngati abwenzi pa chitukuko. Ntchito mungathe kuipereka kwa kontilakitala, koma udindo sumaperekedwa. Cholakwa cha amene mwamulemba ndi chanu. Sankhani makontilakitala poyera, potsata luso osati ubale kapena ndale. Musawalipire potsata liwiro lokha. Ayendereni osawauziratu, ndipo tetezani wantchito amene waulula zolakwika. Kampani yoona siopa muyeso wachiwiri, pakuti umaiyeretsa pamaso pa anthu.

Kwa makontilakitala, madalaivala, alonda, akalaliki ndi onse ogwira ntchito m'malabotale. Ambiri mwa inu muli nafe m'tchalitchi muno lero. Mwina mumaona ngati ntchito yanu yolemba nambala pa thumba kapena yotsuka makina njonyozeka. Dziwani kuti chuma cha mtundu wonse chimadutsa m'manja mwanu. Mukalakwitsa, nenani, kubwereza sampulo n'kotsika mtengo kuposa kubisa cholakwa. Wina akakuuzani kuti musinthe nambala kapena musaine zimene simudaone, kanani, ndipo kauzeni akuluakulu oyenera kapena bungwe lothana ndi katangale la ACB.

Kwa mafumu ndi akhristu eni ake. Anthu akabwera kudzaboola m'dera lanu, afunseni mwaulemu chiphaso chao, dzina la kampani imene yawatuma, kumene matumba akupita, ndi ofesi ya boma imene ikudziwa. Lamulo lopatsa anthu mwai wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ligwiritseni ntchito. Ndipo popeza sitingafune kwa ena chimene ife sitichita, tiyang'anenso miyeso yathu: ndowa yophwanyidwa pansi, sikelo yokhotetsedwa, mchenga m'thumba la nyemba, masamba oipa obisidwa pakati pa belo la fodya. Mtundu wozolowera kubera pa zazing'ono sudzatha kulondera zazikulu.

8. MAFUNSO OKAMBIRANA M'MIPHAKATI

(a) Kodi m'dera lathu muno mudabwerapo anthu otenga dothi kapena miyala kukayesa? Tidauzidwa zotsatira zake?

(b) Kodi ndi miyeso iti yachinyengo imene taizolowera m'misika ndi m'makomo mwathu, ndipo tingaithetse bwanji?

(c) Mkhristu mnzathu atataya ntchito chifukwa chokana kusaina bodza, mphakati wathu ungamuthandize motani?

9. MAU OTSIRIZA

Abale ndi alongo, maiko ambiri a mu Africa adakumba chuma chao mpaka kutha, natsala ndi maenje, fumbi ndi ngongole. Ife migodi yathu yambiri ikadali poyambira, ndipo uwu ndi mwai umene sudzabweranso. Tisadikire kuti makontena adzaime pa chipata kapena kuti ana athu adzatifunse kumene kudapita chuma chao. Tiyeni tikonze sikelo msika usanayambe.

Tikupempherera atsogoleri athu kuti akhale adindo okhulupirika, ndi onse ogwira ntchito m'migodi kuti Mulungu awateteze ndi kuwalimbitsa mtima pa choona. Amai Maria, amene ankasunga zonse mosamala mumtima mwao, atipempherere.

Mulungu adalitse inu nonse, ndipo adalitse dziko lathu la Malawi.